Nkhoswe Yobwereka

Okutobala 1968

Linali Lachinayi, pa 17 Okutobala 1968, cha m'ma 3 koloko masana, pamene amuna anayi anatulukira kuseri kwa nkhokwe atanyamula bambo anu pa machira a thumba. Ine ndinali pamtondo, ndikusinja makaka. Munthu wachisanu ankakankha njinga yawo pambuyo, chipewa cha yunifolomu chili pa handulo. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda pansi pomwe kale tinkadutsa pa bwato. Bambo anu, a Laitoni, anali mesenjala wa khoti laling'ono la kudera lathu, ndipo tsikulo anakapereka samani kwa msodzi wina amene anatsatira madzi otsala m'kati mwa njedza, udzu wautali wa m'nyanjamo. Pobwerera anaponda mphiri. Mmene ankafika nawo mwendo unali utatupa mpaka m'chuuno, ndipo dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Iwe Feli unali utangoyamba sukulu, Joni ali kumsana.

Mwakhala mukundifunsa, makamaka iwe Feli, chifukwa chimene ndinakuchotserani kwanu kuno, kwa agogo anu ndi kumunda kwathu, n'kukakulerani kumapiri kwa eni. Ndinkangoyankha kuti ndi ntchito. Zinalidi za ntchito, koma panali nkhani yake, ndipo masiku amenewo nkhaniyo sinali yonena ngakhale kwa mwana wobala wekha. Tsopano ndi yonena, ndiye ndikuilemba.

Miyezi itapita abale a bambo anu anabwera kudzandisudzula. Alamu anga aakulu anakhala pamkeka ndi atsibweni anga, natenga jekete ndi nkhwangwa ya m'bale wawo, zina zonse anati n'za ana. Kenaka anandiika kandalama ka sikisi m'manja n'kunena kuti ndinawasungira bwino m'bale wawo, kuyambira tsikulo ndine mfulu, iwo alibe nane mawu. Ndinalira kuposa pamaliro, koma kuchokera pamenepo ndinayambanso kugona tulo. M'pamene ndinadziwira kuti ukwati uli ndi khomo lotulukira, ndipo wotulukira pakhomo amatha kupatsana moni ndi apongozi ake akakumana panjira.

1969 mpaka 1971

Ntchito ndinayamba mu Januwale 1969. Wapampando wa khoti lija, a Matewere, anatumiza uthenga kuti wosesa wawo wakalamba, ngati ndingathe ndibwere Lolemba. Za sukulu sanafunse, ankadziwa kuti ndinalekera Sitandade 3. Khotilo linali nyumba ya njerwa ya zipinda zitatu, malata ake a dzimbiri. M'mawa ndinkayamba ndi kupukuta chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, kenaka tebulo ndi mabenchi, n'kusesa bwalo, kutunga madzi kuchitsime ndi kutsuka chimbudzi. Zogwirira ntchito kunalibe. Tsache ndinkamanga ndekha, sopo ankabwera mwa apo ndi apo, akatha tinkatsukira phulusa. Mvula ikagwa denga linkadontha pomwe pankaima mboni, moti munthu ankalumbira madzi akumulowa m'khosi. Kalaliki wathu, a Mhango, wochokera kumpoto, ankati chimenecho ndi chipangizo cha boma chothandiza mboni kunena zoona msanga.

A Matewere anali mphunzitsi wopuma ntchito, wamfupi, wogontha khutu limodzi. Sindinawamvepo akukalipa. Munthu akayamba kunama ankangomutembenukira ndi khutu logonthalo n'kumayang'ana pazenera mpaka amalize. Popeza mkazi pantchitopo ndinali ndekha, ankandipatsanso ntchito zina zosalembedwa, monga kubereka khanda mayi wake akamapereka umboni kapena kutulutsa panja wokomoka. Choncho milandu ya maukwati, imene inkazengedwa Lachiwiri, ndinaimva yambiri nditaima pakhomo, mwana wa eni ali kumsana.

Chimene ndinaona n'chakuti khoti silimasula ukwati popanda wolakwa. Anthu awiri amene angotopetsana ankayenera kupeza choipa choti anene, ndipo akayamba sankaleka. Mkazi ankaulula za kuchipinda apongozi ake ali pabenchi lachiwiri, mwamuna n'kubwezera ndi zinsinsi zimene mkaziyo anamuuza ukwati uli watsopano. Ogulitsa zitumbuwa ankasiya malichero awo kudzamvera pazenera, pofika madzulo nkhani ili kale kudoko, asodzi akuseka. Awiriwo ankatuluka ndi kalata ya chisudzulo, inde, koma ndinaonapo ena amene pamaliro a mwana wawo yemwe analephera kukhala bwalo limodzi.

A Matewere nawo sankazikonda zimenezi. Asanayambe mlandu ankafunsa ngati ankhoswe a mbali zonse anakhalapo pansi, ndipo ngati sanatero ankawatulutsa kuti akayambe akambirana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khoti. Pamangopo m'pamene ndinkaika mtsuko wa madzi akumwa, ndiye ndinkapezeka nawo. Poyamba ndinkangowapatsa chikho. Kenaka anayamba kundifunsa mmene milandu yotere imathera m'katimo, ine n'kumawauza zimene ndinaona, mpaka ndinazolowera kuponyapo mawu. Nthawi zambiri chovuta sichinali kulekanako ayi, koma mpunga umene uli m'munda, mbuzi, wolipira fizi ya mwana, kapena nyumba imene mkamwini amayenera kusiyira mkazi. Ankhoswe akagwirizana pa zimenezi, mwamuna ankapereka chisudzulo n'kunyamula mkeka wake, mlandu n'kufa usanabadwe. A Mhango ankadandaula moseka kuti khoti la pamango likuwalanda makasitomala.

Koma musamve ngati ndikuti ankhoswe salakwa. Mayi wina wa cha ku Likangala anabwezedwa kwa mwamuna katatu ndi ankhoswe ake omwe, akumuuza kuti banja ndi kupirira. Ulendo wotsatira anabwera mkono uli m'nsalu, wothyoka. Ameneyo sindinamulole kufika pamango. Ndinamugwira dzanja labwinolo n'kumulowetsa m'kati, ndipo a Matewere anamumvera ndi khutu lawo lakumva kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pali nkhani zofuna mkeka, ndipo pali zina zofuna tebulo la khoti.

Sepitembala 1972

Muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili. Popanda khadi la chipani munthu sankalowa mumsika, sankakwera basi. Panali mpingo wina umene boma linauletsa chifukwa anthu ake ankakana kugula khadilo, ndipo chaka chimenecho zinafika poipa. Nyumba zinkatenthedwa, anthu ankamenyedwa, ena ankatengedwa osadziwika tsiku lobwerera. Ambiri anathawira tsidya la nyanja, ku Mozambiki. Sitinkazikamba ngakhale kuchitsime.

Lolemba lina m'mawa ndikusesa bwalo, anafika Esinati, wa m'mudzi wina pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, khanda lili kumsana. Mwamuna wake, Wedisoni, ndinkamudziwa bwino. Anali Mlomwe wa kutsidya amene anabwera ndi mkulu wake kudzasodza matemba, ndipo asanakwatire ankagona m'khitchini mwathu. Iye ankawatchula bambo anu kuti achimwene, ine alamu. Pokwatira Esinati, ankhoswe a kuchimuna anali mkulu wake uja ndi bambo anu, ndipo nkhuku ya chinkhoswe ndinaphika ndine. Mpingo woletsedwawo Wedisoni analowa ali kale ndi mwana woyamba, Rute.

Esinati anati wabwera kudzatsegula mlandu wa chisudzulo, akudikira a Mhango. Ndinamutengera pamango. Anandiuza kuti anyamata a chipani afika kale kawiri pamudzi pawo. Ulendo wachiwiri anazula nazale yawo ya mpunga n'kusiya mawu akuti akabweranso abwera ndi machesi, ndipo sadzasankha nyumba. Atsibweni ake, a Likhutu, omwenso anali nkhoswe yake, ndiwo anamutuma kuti akatenge kalata ya khoti yosonyeza kuti si mkazi wa munthu uja, yoti aziwaonetsa anyamatawo. Esinatiyo khadi anali nalo. Sankamuda mwamuna wake, koma anati watopa ndi kugona atavala, ana atawaika pafupi ndi khomo. Ndinamufunsa chimene akanene akafunsidwa chifukwa. Anati atsibweni amuphunzitsa kuti akanene kuti amamumenya.

"Anakumenyapo?"

"Uja, mayi? Ngakhale nkhuku amaipirikitsa mopepesa."

"Nanga akamufunsa iyeyo pamaso pa anthu chimene chavuta m'nyumba mwanu, akayankha chiyani?"

Esinati anayang'ana pansi, kenaka anati, "Akanena zoona. Satha kunama, ndiye matenda ake."

Pa tsiku la milandu tcheyamani wa bulanchi ya chipani ankakhala pabenchi lakutsogolo, anyamata ake ali panja. Wedisoni akanalandira samani akanabwera ndithu, chifukwa sanali munthu wothawa kuitana kwa boma. Akanaimirira n'kutchula mpingo wake ndi pakamwa pake, ndipo a Matewere sakanatha kumupulumutsa. Esinati akanapeza kalata yake, koma Rute akanakula akudziwa kuti mlandu wa mayi ake ndiwo unatengetsa bambo ake.

Ndinamuuza kuti abwerere kwawo osaonana ndi a Mhango, ine ndibwera Loweruka. Atachoka ndinakhala pamuzu wa mango tsache lili m'manja. Ndinali wantchito wa boma, wamasiye wa ana awiri, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa. Wothandiza anthu a mpingo uja ankawerengedwa ngati mmodzi wa iwo. Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Koma ndinkati ndikalowa m'khitchini mwathu n'kuona pomwe mnyamatayo ankayala mkeka, ndinkalephera kudziuza kuti si nkhani yanga.

Loweruka ndinawapeza a Likhutu pakhonde akuluka mono. Anali munthu wamtali, wokonda nthabwala, koma tsikulo nkhope inali itagwa. Anati anyamata aja amaopa pepala la chidindo basi. Ndinawauza kuti kalata ya khoti imatuluka patapita milungu, pomwe machesi angabwere mawa. Koma mudzi wonse ukaona mkamwini atanyamula mkeka wake masanasana, atasudzula mwa mwambo, tcheyamani wa bulanchi amva tsiku lomwelo kuti munthuyo salinso wa pamudzipo, ndipo palibe amene atchule za mpingo pamaso pa boma. Anasiya kuluka.

"Mayi a Feli, mukunena zomveka. Koma ukwati uwu tinamanga mbali ziwiri. Mkulu wa mnyamatayu anaoloka kale nyanja, amuna anu ali kumanda. Ine ndimasula ndi yani? Ndikamuchotsa ndekha si chisudzulo chimenecho, ndi kupirikitsa galu. Mwana wathuyu sadzakwatiwanso bwino, ndipo akuchimuna akadzatulukira tsiku lina adzati tinawabera mbumba ya m'bale wawo."

"Ndikhala ine pamalo pa malemu."

"Inu? Si abale awo anakusudzulani kale inu? Ndiye nkhoswe yobwereka ngati lichero?"

Ndinawakumbutsa kuti nkhuku imene anadya pa chinkhoswe ndinasosola ndine, ndipo iwo anapempha kuwonjezera. Anaseka mpaka kutsokomola, nati amaikumbukira, inali ndi tsabola wokwanira kuthamangitsa mfiti. Kenaka anasiya kuseka. Anati unkhoswe si dzina chabe, nkhoswe imasenza zimene munthu wake wasiya. Anandilozera nyumba yatsopano imene Wedisoni ankamanga pambali pa yakale yomwe inali itapendekeka. Makoma anali ataima, phaso lili pamwamba, koma udzu panalibe. Pa mwambo wathu mkamwini sachoka osamusiyira mkazi ndi ana nyumba yofolera, ndipo Wedisoni analibe masiku okamweta udzu.

"Akachoka isanafoleredwe, udzuwo ndi wanu. Mukuvomera?"

Ndinavomera.

Wovuta anali mwini wake, Wedisoni. Tinamupeza kudoko akusoka ukonde, ndipo atamva anakana. Anati chikhulupiriro chake sichilola munthu kusiya mkazi, iye sanamulakwire Esinati, nayenso Esinati sanamulakwire iye. Ndinamuuza kuti palibe amene akumutuma kukakwatira wina, koma mkazi wake akupempha kumasulidwa chifukwa cha ana. Anafunsa ngati amenewo ndi mawu a Esinati kapena a atsibweni. Esinati anali ataima kumbuyo kwanga, ndipo anayankha yekha kuti ndi ake, kuti ku Mozambiki sangapite ndi khanda kusiya mayi ake odwala, komanso sangadikire kuti ana apsere m'nyumba. Wedisoni anapitiriza kusoka mpaka anamaliza bowo limene anayamba.

"Ngati ndi mawu ako, mayi a Rute, sindikukakamiza. Kwa ine ukhalabe mkazi wanga. Kwa anthu ndikumasula."

Tinasankha Loweruka lotsatira, tsiku la msika, chifukwa anyamata a chipani ankakhala pachipata cha msika kuona makhadi mpaka masana. Tinayala mikeka iwiri pabwalo, poonekera. Mbali ina a Likhutu ndi mlongo wawo, mayi a Esinati, mbali ina ine ndi Wedisoni. Anthu a pamudzi anabwera okha, ena atanyamula chimanga chotong'ola kuti aoneke ngati ali pantchito. Tinagawa zinthu popanda kukweza mawu. Gawo la mpunga la kusikimu ndi mbuzi zinatsala kwa Esinati ndi ana, ukonde unapita ndi mwini wake. Njinga a Likhutu anati atenge, koma Wedisoni anakana, nati kuchipatala n'kutali, ana akadwala adzawanyamulira pa chiyani. Anakanganapo pang'ono, aliyense akukankhira mnzake njingayo, mpaka mayi wina pagulupo anati sanaonepo chisudzulo chimene anthu akulimbirana kukana katundu. Chifukwa cholekanirana palibe anafunsa, ndipo palibe anachitchula.

Kenaka Wedisoni anatulutsa kandalama ka chisudzulo n'kundipatsa. Ine ndinapereka kwa a Likhutu, iwo kwa Esinati. Esinati sanatambasule dzanja, ndiye atsibweni akewo anangomumangira pa ngodya ya chitenje. Ndinanena mawu amene nkhoswe imanena, akuti munthu wathu wakhala nanu bwino, tikumutenga, mwana wanu ndi mfulu. A Likhutu anafunsa ngati pali mawu otsala. Wedisoni anati limodzi lokha, kuti ana asadzauzidwe kuti anawathawa. A Likhutu anati amenewo awasiya m'manja mwa nkhoswe yake yobwerekayo, popeza ikuoneka kuti simaopa katundu.

Esinati analowa m'nyumba yakale ija n'kutulutsa mkeka wopinda ndi nkhwangwa, naziika kunja kwa khomo. Wedisoni anazinyamula. Monga tinagwirizana, sanadzere njira ya kuseri koma pakati penipeni pa mudzi, akutsanzika nyumba iliyonse, kuti pasapezeke wonena kuti sanaone. Ine ndinali pambuyo pake, chifukwa nkhoswe imalandira munthu wake. Rute anatilondola mpaka kudambo akuwauza bambo ake kuti akabwere ndi mlamba waukulu, osati matemba. Ndinamubweza. Kudoko asodzi anzake anali atakonza kale bwato, ndipo ndinaima mpaka linalowa m'njedza.

Okutobala 1972 mpaka Januwale 1973

Anyamata aja anabweradi patangopita masiku ochepa. Anapeza mudzi wonse ukunena chimodzi, kuti mkamwini uja anasudzula, anapita kwawo. Ngakhale mkazi wa tcheyamani wa bulanchi anali ndi mchemwali wake pamudzipo amene anaona zonse. Anyamatawo anasuzumira m'nyumba, anaona khadi la Esinati, n'kumapita. Palibe nyumba inapsa.

Unatsala udzu. Nyengo imeneyo udzu wapafupi unali utapsa kale ndi moto wa osaka mbewa, ndiye tinkakamweta kutali, m'mphepete mwa dambo. Loweruka lililonse ndinkalawira ndi chikwakwa, ine ndi Esinati, n'kumasenza mitolo dzuwa la Okutobala likuwotcha kumapazi. Nyumba imadya udzu, ana anga. Ukaona mulu umati wakwana, wofolera akakwera pamwamba n'kukuuza kuti mbali imodzi yokha. Utakwanira ndinaphika thobwa, a Likhutu anaitana amuna anzawo, n'kufolera mitambo ya mvula yoyamba ili kale pamwamba pa phiri la Zomba. Esinati anasamukiramo mlungu womwewo.

Koma wosesa pakhoti sangasenze udzu milungu yonseyo kupita nawo kumudzi wosakhala wake anthu osafunsa chifukwa chake. Mu Disembala a Matewere anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita.

"Mayi Laitoni, ndamva mwatsegula kontilakiti ya udzu."

"Unali udindo wa unkhoswe, bwana."

"Unkhoswe wa yani?" Ndisanayankhe anatembenuza mpando n'kundilozetsa khutu logontha lija. "Nenerani mbali ino."

Ndinanena zonse, iwo akuyang'ana pazenera. Nditamaliza anandiuza kuti tcheyamani wa bulanchi wabwera kawiri, akuti pakhoti pali munthu wothawitsa adani a boma, ndipo akufuna kukanena ku Zomba. Anati mlandu umene sunalowe pakhomo lawo iwo saudziwa, koma ine anthu akundidziwa. Kukhoti lina chakumtunda, kupitirira Songani, kunkafunika wosesa, ndipo anati ndi bwino ndichoke pa transifa kusiyana ndi kudzatengedwa pa galimoto. Anali atakonza kale zonse. Potuluka anandifunsa ngati denga lija latha, nditati latha anati ndiye ntchito ya khoti yagwirika.

Tinasamuka mu Januwale, mvula ili pakati, chimanga chathu chili m'mawondo. A Mhango anatithandiza kukweza katundu pa lole, nati makasitomala awo abwerera koma sakusangalala. Kumeneko munakuona nokha. Chipinda chimodzi kuseri kwa khoti, kuzizira kwa mu Juni, nsomba zogula, Chiyao chimene inu munachigwira msanga ine ndikuvutika nacho. Wapampando wa kumeneko sankafuna kuti wosesa aziyankhula ndi anthu a milandu, ndiye zaka zingapo ndinangosesa, ndikumva maukwati akung'ambika pakhomo osatha kunenapo kanthu. Atabwera wapampando wina anandilola kuika mtsuko pansi pa mtengo, ndipo ntchito ija inayambiranso. Agogo anu anamwalira chaka chachiwiri tili kumeneko. Uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Mawu a Wedisoni aja sindinawataye. Rute atakula, nthawi ya chinamwali chake, ndinapempha tchuthi n'kubwera kuno. Esinati anali atakwatiwanso ndi mlimi wina wa kusikimu, munthu wabwino, ndipo anandilola kukhala ndi mwanayo patokha. Ndinamuuza mmene bambo ake anachokera, kuti anadzera pakati pa mudzi masana, ndiponso chifukwa chimene anasiyira njinga. 

1993

Ndinapuma ntchito chaka chimene mpingo uja unaloledwanso, ndipo ndinabwerera kuno. Malo a agogo anu ndinawapeza ali tchire. Ndisanamalize n'kulambula komwe, tsiku lina masana anafika mayi wina wa ana atatu amene sindinamuzindikire mpaka atadzitchula. Anali Rute. Anati nkhondo ya kutsidya itatha anaoloka nyanja ndi asodzi, akufunsa mudzi ndi mudzi, ndipo anawapeza bambo ake. Ali ndi imvi, mano atha, akusodzabe. Sanakwatirenso.

Ndinamufunsa chimene bambo akewo ananena atamuona. Anati poyamba sanakhulupirire, mpaka iye Rute atatchula za mlamba uja. Atakhala pansi, asanafunse za wina aliyense, anafunsa ngati nyumba ija inafoleredwa mvula isanagwe.

"Unawayankha bwanji?"

"Ndinati tinakuliramo."

Rute atapita ndinakhala pakhonde mpaka ntchito ya tsikulo inandidutsa. Iwe Feli unandiuzapo kuti unkalira agogo ako chaka chonse choyamba kumapiri kuja, ndipo Joni sakumbukira n'komwe nkhope yawo. Zimenezo munalipira ndinu, popanda kufunsidwa, ndipo sindikuuzani kuti zinali zazing'ono. Ndakuuzani chimene zinagula, kuti muyese nokha. Munthu uja ali moyo, mwana wake anamupeza, ndipo Esinati akamva dzina lake satembenuza nkhope.

Pano ndimalima mpunga pa kagawo kanga kusikimu ndi kuweta abakha. Banja likavuta m'midzi yozungulira, ankhoswe amanditumizira uthenga kuti ndikakhale nawo pamkeka, ndipo miyendo ikalola ndimapita.